Woimba ng'oma uja ndi mmodzi

Basi yathu inafera pakati pa Masvingo ndi Beitbridge, Lachinayi m'bandakucha, pamalo opanda nyumba, opanda ngakhale kagolosale, mitengo ya minga yokhayokha. Dalaivala anatsika, anatsegula kumbuyo kuli injini, anaunika ndi tochi ya pafoni kwa nthawi yaitali, ndipo pobwerera sanayankhule kanthu. Anangokhala pamwala n'kuyamba kuimba foni. Amene tinazolowera msewu wa ku Joni tinadziwiratu kuti dzuwa litituluka tili pomwepo, mwinanso kutilowera pomwepo.

Ine ndinapisa dzanja m'thumba la jekete n'kugwira pasipoti. Mkati mwake, patsamba lomaliza, munali tikiti yokaonera gulu loimba la ku England, imene ndinagula miyezi ingapo m'mbuyomo: Iron Maiden, Carnival City, Loweruka pa 21 Meyi 2016. Kunali kutatsala masiku awiri.

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima zaka zambiri. Chimene chinandikankha kuti ndiilembe ndi uthenga umene ndinaona mu Disembala 2024, woti Nicko McBrain, woimba ng'oma wa gululi kuyambira 1982, wasiya kuyenda nawo maulendo. Ndinakhala chete pabedi foni ili m'manja, ndipo maganizo anga onse anathamangira pakhonde la amalume anga ku Phalula, m'boma la Balaka.

Kumudzi ndinapitira njala. Amene munali ku Malawi chaka chimenecho simufuna kukumbutsidwa. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anakokolola minda m'chigawo cha kummwera, ndiye chaka chotsatira mvula inadula chimanga chisanamasule. Pa 12 Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi. Ine nkhani zimenezi ndinkazimvera pafoni ndili ku Rosettenville, ku Joni, ndipo amayi akati “tili bwino” ndinkakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Nditafika ndinaona ndi maso. Mwezi wa Meyi kwathu ndi mwezi wa zikonyo pabwalo, wa ana otafuna misinde, wa nkhuku zokhuta. Chaka chimenecho pabwalo panali mbee. Munda umene amayi amakololamo ngolo zingapo unatulutsa matumba atatu, chimanga chake chamaso ang'onoang'ono ngati mano a khanda. Anthu anali atayamba kale kudya kamodzi patsiku, pamene miyezi yeniyeni ya njala inali isanafike n'komwe.

Ndinagula chimanga ndi ndalama zonse zimene ndinabwera nazo, n'kutsala ndi ya basi yokha. Ndipo usiku uliwonse, ndikagona pamphasa m'nyumba ya amayi, tikiti ija inkanditentha. Ndinkawerengera mumtima kuti mtengo wake ukanagula matumba angati. Ndinafika poganiza zomulembera mnzanga wa kuntchito kuti aifunire wogula, ndalamayo ndidzaitumize kumudzi.

Munthu amene anandiletsa ndi yemweyo amene anandiphunzitsa nyimbozi.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anayendetsa mathiraki zaka zoposa makumi awiri. Zaka zawo zoyambirira zinali za nkhondo ya ku Mozambique, nkhondo imene inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi isanathe mu 1992. Katundu wochokera ku Harare ndi ku Joni ankadutsa njira ya Tete, kuchoka pa Nyamapanda kufika pa Zobue, ndipo mathiraki sankayenda okha. Ankandandalikana mzere wautali, asilikali a ku Zimbabwe patsogolo ndi pambuyo, ndipo lamulo linali limodzi: osaima. Amalume ankatiuza za mathiraki opserera amene ankawalambalala m'mbali mwa msewu, ena akufukabe utsi. Ankakamba zimenezi motsitsa mawu, amayi akakhala kuti apita kudambo.

Kaseti anaigula ku Harare kwa dalaivala mnzawo. Inali Live After Death, chimbale chimene Iron Maiden inajambula pamaso pa anthu ku Long Beach ndi ku London n'kuchitulutsa mu 1985. Chingerezi cha amalume chinali cha pa boda, chongokwanira kudinditsa mapepala, kotero mawu a nyimbozo sankawatsata. Chimene anapezamo ndi liwiro. Ankati munthu ukamayendetsa pamsewu umene mfuti ikhoza kulira nthawi iliyonse, mtima umagunda mothamanga, ndiye umafuna nyimbo yothamanga mofanana ndi mtimawo kuti uziona ngati ukuvina, osati ukunjenjemera. Nyimbo zachifatse, iwo ankati, zinkawapatsa mpata woganiza za imfa.

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinaimva koyamba, titakhala m'thiraki yawo imene anaiimika pamsewu wa M1 kuti adzatisiyire shuga ndi sopo. Masiku amenewo wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo ngati zimenezi sizinkamvekako. Mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Ndiye taganizani mwana wa ku Phalula akuona chithunzi cha pakaseti, chimunthu chouma chatsitsi lalitali chikutuluka m'manda, mphezi ikung'anima, kenako m'masipika mukutuluka magitala awiri akuimba mawu osiyana koma oyendera limodzi ngati amayi awiri a kwaya, wina pamwamba wina pansi. Pansi pa zonsezo panali besi, gitala ya mawu a pansi, ya Steve Harris, ikuthamanga ngati ziboda za hatchi. Sindinaope. Ndinapempha kuti aibwezerenso.

Amayi ndiwo anaopa. Ataona chithunzi chija anati za kumanda sizilowa m'nyumba mwawo, ndipo kasetiyo inkakhala m'thiraki kapena m'thumba la amalume. Sindiwaimba mlandu. Ngakhale ku America komwe, mu 1982, kunali magulu a mapemphero amene anatentha zimbale za gululi. Patapita zaka, nditawerenga kuti Nicko McBrain anatembenuka mtima mu 1999 ndipo ndi Mkhristu wopita kutchalitchi, ndinawauza amayi. Anangoti, “Aziimbira Mulungu tsono,” n'kupitiriza kusankha nyemba.

Koma panali mkangano umodzi umene ine ndi amalume tinaunyamula kuyambira ndili mnyamata. Iwo ankanenetsa kuti gulu limeneli lili ndi oimba ng'oma awiri. Anakulira pa ng'oma za gule, ankadziwa kuti mpanje ndi wa munthu mmodzi, mbalule ndi ya wina, ndipo khutu lawo linkawauza kuti phokoso la pakaseti ija silingatuluke m'thupi limodzi. Ndinkawaonetsa mayina pakachikuto, asanu okha panthawiyo, woimba ng'oma mmodzi. Ankati winayo sanamulembe, amakhala kuseri. Nditapita ku Joni n'kuphunzira zambiri, ndinawauza chinthu chodabwitsa kwambiri: munthuyu amaponda ng'oma yaikulu ya pansi ndi chopondera chimodzi chokha, phazi limodzi, pamene anzake ambiri a nyimbo zolimba amagwiritsa ntchito ziwiri, ndipo amakonda kuimba osavala nsapato. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawaonetsa vidiyo pafoni, anati kanema amanama.

Madzulo a tsiku lomaliza ndinakawatsanzika. Anali atasiya kuyendetsa kalekale, miyendo yotupa, atakhala pampando wa ndalema pakhonde. Ndinawauza za tikiti, ndi kuti ndikufuna kuigulitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Chimanga wagula?”

“Ndagula, amalume.”

“Mwezi wamawa udzatumiza?”

“Ndidzatumiza.”

“Ndiye vuto lili pati? Njala ya chaka chino siithera pa kapepala kakoko, mphwanga. Ine anthu amenewa ndayenda nawo m'moto, koma sindinawaonepo. Iwe uli ndi maso anga. Pita ukaone, ukandiwerengere oimba ng'omawo.”

Amayi m'mawa mwake anandipatsa malambe anayi m'kajumbo. Zaka zina ndimabwerera ku Joni ndi mpunga, usipa, mtedza, nandolo, chikwama mpaka kukanika kutseka. Ulendo uno anali malambe anayi, ndipo anapepesa powapereka. Kupepesa kumeneko kumandipwetekabe.

Tinanyamuka ku Blantyre Lachitatu pa 18 Meyi, tsiku limene gululi linkaimba ku Cape Town. Mwanza, Zobue, kutsetsereka kulowa m'chitentho cha Tete, kuoloka Zambezi, Nyamapanda dzuwa litapendeka, Harare usiku. Msewu umenewu ndaudutsa kambirimbiri ndili m'tulo, koma ulendo uno ndinakhala maso kuyang'ana tchire la m'mbali, kuyesa kuona pamene mnyamata wa zaka makumi atatu akanayang'ana, manja ali pa chiwongolero, kaseti ikulira.

Kenako basi inafa, monga ndanena. Tinakhala pamenepo tsiku lathunthu ndi usiku wake kudikira chitsulo chochokera kutali. Amayi ena anayala zitenje pansi pa mtengo, tinasonkherana zakudya, ine ndinaswa malambe awiri n'kugawira ana. Mnyamata wina wa ku Mangochi, ulendo wake woyamba, ankangofunsa ngati Joni ili patali. Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti miyezi iwiri m'mbuyomo nawonso a Iron Maiden zinawaonekera. Ulendo wa chaka chimenecho ankayenda pa ndege yawoyawo, Boeing 747 yotchedwa Ed Force One, woyendetsa wake nthawi zambiri ali woimba wawo yemwe, Bruce Dickinson. Mu Malichi, ku Santiago m'dziko la Chile, ndegeyo inagundana ndi galimoto yoikoka pabwalo, mainjini awiri anawonongeka ndipo antchito awiri anavulala. Gululo silinalephere kuimba ngakhale malo amodzi. Katundu anapeza njira zina, ndege inakonzedwa n'kuwapeza kutsogolo. Ndinkadziuza kuti ngati iwo anafika, inenso ndifika.

Tinafika pa siteshoni ya mabasi ya Park Station Loweruka kusanache, kuzizira kwa Joni kukulowa mpaka m'mafupa. Nditatsegula chitseko cha chipinda changa, fungo la m'nyumba yotsekedwa masabata atatu linandilandira, kapu ili pomwe ndinaisiya, ndipo ndinamva mtima ukukhala pansi ngati munthu wafika kwawo. Pomwepo manyazi anandigwira. Kwathu ndi kumene ndachokako, kumene amayi akupepesa chifukwa cha malambe. Nanga bwanji thupi langa likupumira kuno? Amene mwakhala kunja zaka zambiri mukuidziwa nthawi imeneyi, pamene mawu oti mtchona, amene unkawanenera ena, amayamba kukuyandikira. Ndinagona maola anayi osavula nsapato.

Carnival City ili ku Brakpan, kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo gululi linaimbira panja, pakapinga. Mnzanga wa kuntchito uja, amene sindinamulembere uthenga wogulitsa tikiti, ananditenga pa galimoto yake. Tisanafike n'komwe, msewu unali utadzaza anthu a malaya akuda. Ambiri anali azungu, ena a imvi atagwira ana awo padzanja, ena akulankhula Afrikaans. Ndisabise, ndinalowa pageti mapewa ali okwera. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, mu Epulo 2015, alendo ankasakidwa ku Durban ndi ku Johannesburg, ndipo mabasi anatengera Amalawi ambirimbiri kumudzi. Kuyambira nthawi imeneyo ndinaphunzira kusayankhula mokweza pagulu, kuti kalankhulidwe kanga kasandiulule. Koma pamzere bambo wina wamimba yaikulu anayang'ana malaya anga, a chithunzi chomwe chija cha pakaseti ya amalume, anandimenya paphewa n'kunena kuti chimbale chimenecho ndi chimene chinamulera. Ndinamuuza kuti inenso. Patsogolo pang'ono ndinaona anyamata a ku Botswana atavala zikopa zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, zipewa za makauboyi, akuyenda monyadira ngati eni bwalo. Mapewa anga anatsika.

Gulu loyamba linali The Raven Age, mmene muli mwana wa Steve Harris. Anaimba bwino, koma maso anga anali pa chinsalu chakuda chobisa za kumbuyo.

Magetsi atazima, phokoso la anthu linandilowa m'mimba. Nsanja anaikonza ngati mabwinja a kachisi wa Amaya a ku Central America, mogwirizana ndi chimbale chawo chatsopano cha 2015, The Book of Souls. Pamwamba panaoneka munthu mmodzi ataweramira mphika wofuka utsi, n'kuyamba kuimba yekha popanda chida chilichonse chomveka bwino kumbuyo kwake. Apa m'pofunika kudziwa chinthu chimodzi. Kumayambiriro kwa 2015 Bruce Dickinson ankalandira chithandizo cha khansa imene inamera kumbuyo kwa lilime lake. Lilime, kwa munthu amene moyo wake wonse ndi mawu. Tonse tinkadziwa, ndipo ndikhulupirira kuti tonse tinagwira mpweya kudikira kuti timve ngati mawuwo adakalipo. Analipo. Bambo wa zaka 57 anakweza mawu mpaka pamwamba, anawagwira pamenepo, ndipo magitala atatu ndi besi zinagwa pansi nthawi imodzi ngati chimphepo chogwetsa denga.

Sindifotokoza nyimbo iliyonse. Pa nyimbo 15 zimene anaimba, 6 zinali zatsopano, ina yotalika mphindi zoposa 13, ndipo ndinamva ena pafupi nane akudandaula kuti akufuna zakale. Ine ndinaona ulemu pamenepo. Gulu limene linayamba mu 1975 kum'mawa kwa London likanatha kumangodya za m'nkhokwe mpaka imfa, koma linabwera ngati anthu amene akulimabe. Komanso aka kanali koyamba kuti anthu a ku South Africa awaone ndi Bruce, chifukwa pamene anabwera mu 1995 woimba anali Blaze Bayley. Anatipatsa gulu lamoyo, lomwe lili ndi zonena za lero.

Steve Harris, wa zaka 60, ankathamanga uku ndi uku, phazi pa sipika, besi ataitilozetsa ngati mfuti, milomo ikutchula liwu lililonse la nyimbo. Besiyo amailiza ndi zala, ndipo ukamuona pafupi m'pamene umamvetsa kuti kuthamanga kwa hatchi kuja kumachokera m'zala ziwiri. Janick Gers ankazunguza gitala m'mwamba ngati mwana wosewera ndi nguli. Dave Murray ankangomwetulira. Adrian Smith anaima phee, ndipo mawu a gitala yake ndi amene ankandifika pamtima kuposa onse. Pakati pa nyimbo ya mutu wa chimbale, Eddie, chimunthu chija chimene amayi anachikana, chinatulukira chachitali kuposa anthu awiri, chikuyenda pansanja, mpaka Bruce anachizula mtima n'kuuponya. Ndinaganiza za gule wamkulu: chilombo chotuluka kudambwe, ana kukuwa, aliyense akudziwa ndipo aliyense akuopabe mokondwa.

Koma ine ndinatumidwa ntchito. Ndinadzikankha mpaka pamene ndinkatha kuona bwino pakati pa nsanja, n'kuyamba kufufuza. Ng'oma za Nicko McBrain ndi phiri. Zimamuzungulira, mbale zamkuwa pamwamba, ndipo munthuyo saoneka. Umangoona nsonga za ndodo zikutulukira n'kubwerera, nthawi zina tsitsi pang'ono. Ndinamvetsa chifukwa chimene amalume ankakanira. Ngakhale uli pomwepo, maso sakupatsa umboni msanga. Ndinayang'ana kumbuyo kwa ng'omazo, m'mbali, pansi. Ndinatseka maso n'kumvetsera phazi lija, likugunda mowirikiza ngati mtima wa munthu wothamanga.

Belu litalira poyambira Hallowed Be Thy Name, nyimbo imene inali pa kaseti ija, miyendo inandilemera. Ndi nyimbo ya munthu amene akudikira kunyongedwa, imayamba mwachifatse kenako n'kuthamanga osaimanso. Amalume ankati imeneyi ankaisungira chigawo choopsa kwambiri cha msewu. Kwa zaka zonsezi ndinkaimva ngati nyimbo yokoma. Usiku umenewo, masiku atatu chidutsireni msewu womwewo, ndinaimva mmene iwo ankaimvera. Mnyamata wochepa msinkhu kuposa mmene ndinalili ine, akuyendetsa katundu wa eni, kuti ife tidye shuga ndi kusamba sopo. Ndinalira, ndipo sindinapukute misozi. Munali amalume m'misozi imeneyo, munali matumba atatu a amayi, munali masabata atatu amene ndinakhala wouma maso kumudzi chifukwa mwamuna wochokera ku Joni amayenera kuoneka wolimba. Munthu amene anali pambali panga, sindikumudziwa mpaka lero, anandikoleka dzanja pakhosi tikuimba limodzi, osandifunsa kanthu.

Chakumapeto Bruce anayankhula kwa kanthawi za anthu osiyana mitundu, zipembedzo ndi mayiko amene amasonkhana pansi pa nyimbozi popanda kumenyana. Mawu otere ndi osavuta kunena pansanja, ndipo ndikudziwa kuti Lolemba lake ndinakweranso takisi ndili chete ngati kale. Komabe kwa mlendo wa m'dziko lino, kuwamva akunenedwa mokweza pamaso pa chinamtindi chotere, anthu n'kuvomera, chinali chinthu. Anatsekera ndi Wasted Years, nyimbo ya 1986 imene Adrian Smith analemba za kutopa ndi maulendo ndi kulakalaka kwanu. Ndinaiimba ndi mawu amene anali atatha kale.

Funso la tikiti ndi matumba a chimanga silinathe usiku umenewo. Njala inakula mpaka chaka chotsatira, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, ndipo ndinatumiza mwezi ndi mwezi monga ndinalonjezera, miyezi ina pochita kukongola. Nthawi zina ndimawerengerabe. Koma sindinanong'onezepo bondo kuti ndinapita.

Nyimbo zitatha, asanu aja anaponya tizidutswa tolizira magitala ndi zomanga pamkono, n'kumachoka. Kenako kuseri kwa phiri la ng'oma kunadzuka munthu. Anatsika, anabwera kutsogolo kwa nsanja yekha, thukuta lili chuchuchu m'kuzizira konse kuja, mphuno yake yophwanyika ija, akuseka ndi nkhope yonse. Anaponya ndodo kwa anthu, anaweramitsa mutu. Ndinadikira, maso ali pa ng'oma zija, kuti mwina wina adzukanso. Antchito anabwera n'kuyamba kumasula mbale.

Lamulungu masana ndinaimba foni ya mwana wa amalume, n'kumupempha kuti awapititsire pakhonde. Mawu anga anali osasa, moti poyamba sanandizindikire.

“Wapita?”

“Ndinapita, amalume.”

“Angati?”

“Mmodzi. Ndinadikira mpaka anamasula ng'oma zonse. Ndi mmodzi, manja awiri. Ndi wamkulu ngati inu nomwe, zaka 63.”

Kunali zii kwa kanthawi, ndinkangomva nkhuku ndi mphepo ya ku Phalula. Kenako anati, “Ndiye kuti amatopa kwambiri, mnzangayo.” Anatsokomola, n'kufunsa ngati inaimbidwa ija ya belu.